Tiyi wa Kudimba

Fungo la masamba a tiyi akubwadamuka m'chitini, litasakanikirana ndi utsi wa nkhuni za paini, mpaka lero limandifikitsa kudimba kwathu kufupi ndi Mayani, m'mwezi wa Ogasiti, mphepo ikulowa m'makutu ngati yatumidwa. Ndineneretu kuti pasakhale wovutika n'kufufuza: zonse zimene zinachitika pakhomo pathu chaka chimenecho ndinaziyamba ndine. Ndinaba tiyi ndine, ndinaphika ndine, ndipo pemphero limene amayi sanaliiwale mpaka ukalamba wawo linatuluka pakamwa panga pomwe pano. Sindikunena izi ngati munthu amene wagwada m'kanyumba kolapira. Woyenera kulapa pa nkhani imeneyi alipo, koma si ine.

Ndinali nditangomaliza Fomu Wanu ku sekondale yogonera komweko. Ndinabwera kutchuthi ndi sutikesi yachitsulo, mawu angapo achizungu oopsezera anzanga akumudzi, ndi mbiri yoti ndinagoneka nanzikambe m'kabati ya aphunzitsi a masamu. Pakhomo ndinapeza amayi, achemwali anga a Felesita, ndi amuna awo a Lusiyano, mkamwini wofatsa amene ankacheka matabwa ku Phiri la Dedza n'kumabwera Loweruka, utuchi uli m'tsitsi ndi m'matumba momwe. Abambo anali atatisiya ndili wamng'ono.

Amene amati ine ndinabadwa wovuta sanawadziwe a Felesita. Ndiwo anandiphunzitsa kumanga udzu panjira ya kuchitsime kuti opita m'mamawa azipunthwa, ndiponso kuthyola mapichesi a eni ake popanda kugwedeza nthambi. Ankandiposa zaka zingapo, koma pa zinthu zimenezi tinali thupi limodzi. Tinali ndi lamulo lathu: mmodzi akagwidwa, winayo adzipereke yekha, ndodo tigawane. Ankati ndodo ya anthu awiri imathyoka msanga. Lamulo limeneli anali asanaliphwanyepo, ngakhale tsiku limene ndinamasula mbuzi za akatekisiti iwo ali kuchigayo. Atabwerako anakanena kuti anandituma ndi iwo, n'kulandira gawo lawo osaphethira.

Chinthu china chimene tinkagwirizana chinali tiyi. Kwathu kale tiyi tinkamuona pa Khirisimasi ndi pa Pasaka, koma chibwerere a Lusiyano, mwezi ukatha pankafika paketi ya masamba ndi shuga. A Felesita ankamwa wofiira mpaka kuda, woti supuni ikalowa isaoneke, ndipo ankamwa akangosamba m'manja atatha kudya. Tsono taganizani mmene ndinamvera m'mawa woyamba wa tchuthi, chisanu chitayeretsa udzu, nditapeza ketulo ili pamsomali kangaude atamangamo nyumba. Ndinafunsa amayi. Iwo osatembenuka n'komwe anati, "Achemwali ako akudwala. Tiyi pakhomo pano ayi, kwa aliyense, angamawalakalakitse."

Ndinayamba kuwayang'anitsitsa, ndipo ndinaona kuti n'zoona. M'maso mwawo munali mutayera, zikhatho nazo mbuu. Akaimirira msanga ankagwira khoma. Ankalavula pafupipafupi, ndipo tsiku lina ndinawapeza kuseri kwa khitchini akukukuta dothi la pachulu ngati chigumu. Ankavala juzi yaikulu ya amuna awo usana wonse, chitenje atamangira pachifuwa. Ndinamva kuti ndisanabwere anagwa kudimba, anawatengera kuchipatala cha mishoni, n'kubwerako ndi timapiritsi tofiira. Ndikafunsa dzina la matendawo, amayi ankati ndi matenda a akulu, mwana safunsa. Kusukulu tinali titaphunzira mmene chule amapumira ndi mmene nyemba imamerera m'botolo, koma mutu wa kumapeto kwa buku aphunzitsi anati ndi wa Fomu Thuu.

Chimene chinandiwawa kwambiri chinali nkhope ya alamu. Nditawafunsa iwo, anangoyang'ana pansi n'kumamwetulira, uku akukanda m'mutu. Ndinati mumtima: taonani munthu uyu, mkazi wake akutha iye akuonetsa mano. Ndinagamula mlandu ndekha kuti a Lusiyano atopa n'kugula tiyi, ndipo apezerapo mwayi pa matenda.

Ntchito yanga tchuthi chimenecho inali kuthirira kabichi ndi kachewere kudimba, kumunsi kwa dambo. A Felesita ankandiperekeza kuti aziwothera dzuwa pamalo obisika mphepo. M'mawa wina ndinaika keni yothirira pansi, mapazi atauma ndi madzi ozizira a pachitsime, ndipo ndinawafunsa funso limene linkandisowetsa tulo.

"Achemwali, kodi mufa?"

Mlomo wawo unanjenjemera pang'ono cha kumbali, ine n'kumati ndi ululu. Kenako anapumira m'mwamba, nati, "Zonse adziwa ndi Mulungu, Damiano. Koma ndikanangolawako tiyi, ngakhale ka pansi pa kapu."

Sanafunikire kubwereza. Ndinkadziwa kuti amayi sangataye paketi yotsala, ayenera kuti anaisungira alendo. Ndinafufuza m'mitsuko, m'sutikesi ya zovala za kutchalitchi, m'nkhokwe, osaipeza. Inandiululira ndi mphuno. Kudenga la khitchini kunkalendewera zikwatu za mfutso, zakuda ndi mwaye, ndipo chimodzi chinali chomangidwa ndi luzi latsopano. M'kati mwake, pakati pa khwanya wouma, munali paketi yathunthu, yongotsegulidwa pakona.

Apa ndi pamene ndimadzitamandira mpaka lero. Wakuba wopanda nzeru akanangotapa, paketi n'kumaphwa. Ine ndikatapa masamba a tiyi ndinkabwezeramo mfutso womwewo, nditaufikisa m'manja mpaka usalale, n'kuukazinga pang'ono paphale kuti ude. Ukauona ndi maso, ngakhale wogulitsa mugolosale sakanasiyanitsa. Paketi inkakhala yodzadza nthawi zonse, luzi lomangidwa mfundo yake yomweyo.

Masiku amene anatsatira ndi okoma kuposa ena onse amene ndimawakumbukira. Kumapeto kwa dimba kunali kamsasa ka udzu, ndipo m'menemo ndinabisa chitini chakale cha mafuta ophikira ndi kapu imodzi yachitsulo yosupuka m'milomo. Nkhuni zinali tizidutswa ta paini timene alamu ankabwera nato, toyaka mofulumira ndi fungo la utomoni. Tinkayamba taotcha kachewere m'phulusa, kumusenda ndi zala zikupsa, kudya ndi mchere wa m'kapepala. Tikangomeza womaliza, tiyi amakhala atawira kale. Ndikati ndiphule, iwo ankati, "Musiye ade, iwe, si madzi otsukira mbale amenewo." Kenako ankamasula mfundo ya pachitenje, kutulutsa kapiritsi kofiira kaja, n'kumezera tiyi yemweyo. Ankagwira kapu ndi manja awiri, maso atatsinzina, nthunzi ikukwera kumaso. Ine ndinkamwa wotsala, wowawa ngati khungwa, ndikudziona ngati dokotala. Asanabwerere kunyumba ankatafuna masamba a gwafa kuti amayi asamve fungo, ndipo tsiku lililonse ankanena mawu amodzimodzi: "Zikaululika n'za tonse."

Koma sankachira. Chizungulire chinkapitirira, ndipo pokwera kamtunda kochoka kudambo ankaima kangapo, akupuma ngati athamanga. Mantha anga anali enieni, amenewo musawachotsere. Ndinkawaona m'maganizo atawakulunga pamphasa. Ndipo pakhomo panalibe wochitapo kanthu: amayi ankasoka tinsalu tina usana atatembenukira kukhoma, alamu ankangomwetulira.

Nthawi imeneyo akhristu a mbali yathu ankakumana pa mphakati Lamulungu masana, lero pakhomo pa uyu, sabata yamawa pa wina. Sabata imeneyo inali yathu. Amayi anasesa bwalo mpaka kumseu, anayala mphasa pansi pa mtengo wa pichesi umene unali utangoyamba maluwa, n'kubwereka mipando iwiri ya amuna akuluakulu. Ine ndinali nditakonza kale zanga. Kunena chilungamo, theka la mtima linkafuna kuti Mulungu amve, theka linalo linkafuna kuti anthu amve.

Atawerenga mawu, mkulu wa mphakati, a Gelevaziyo, anati aliyense amene ali ndi chopempha apemphe. Wina anapempherera mvula yabwino, wina mwana wake wa ku Lilongwe, anthu n'kumayankha pamodzi. Kenako ndinadzuka ine, ndinapinda manja, n'kukweza mawu monga ankachitira mtsogoleri wa mapemphero kusukulu. Ndinati, "Ambuye, tikupempherera achemwali anga a Felesita amene akudwala miyezi tsopano. Akulavula, akudya dothi, akuchita chizungulire, thupi lasintha, koma pakhomo pano akubisa matendawo. Mufewetsenso mtima wa alamu anga, amene adziwa bwino chiyambi cha zonsezi koma akungoseka, ndipo awamana ngakhale tiyi. Ambuye, timvereni."

Anayankha ndi munthu mmodzi yekha, nkhalamba ina yogontha imene inangoona kuti milomo yanga yatseka. Ndinatsegula diso limodzi. Amayi ena anali ataluma nsonga ya chitenje, mapewa akugwedezeka. A Gelevaziyo ankayang'anitsitsa chikuto cha buku ngati achiona koyamba. Alamu anali atalowetsa mutu pakati pa mawondo. Ndiye a Nangozo, mayi wachikulire amene ankalangiza atsikana m'mudzimo, anakonza kukhosi nati, "Mwanawe, matenda amenewo sapempherera pagulu. Amachira okha, ndipo tsiku lochira m'nyumba mumalira khanda."

Ndinamva ngati wina wandithira madzi a pachitsime chija kumsana. Aliyense pabwalopo, ngakhale atsikana ang'ono kwa ine, ankadziwa kuti mkazi wokwatiwa akamati akudwala mwa mtundu umenewo ndiye kuti ali ndi pakati. Ine ndekha, wa ku sekondale, ndinali mbuli. Ndipo sikunali kungochita manyazi chabe. Kwathu mimba yoyamba sitchulidwa mpaka amayi achikulire atabwera kudzamulangiza mwini wake. Isanafike nthawi imeneyo, ngakhale oona amakhala ngati sakuona, poopa a mitima yoipa amene amati angathe kuimanga. Ine ndinali nditaiyala pamphasa, pamaso pa mudzi, ndi zizindikiro zake zonse. Ndinayang'ana a Felesita, amene ndinawafunsa ndi misozi ngati afa. Anali atabisa nkhope m'juzi.

Amayi anali munthu wosafuna kugonja pagulu. Za mimbazo sakanatha kuzibweza, koma za kumana anthu tiyi anati ayi, zimenezo ndiye bodza. Anadzuka, anatsitsa ketulo pamsomali, n'kulowa m'khitchini akulankhula mokweza kuti pakhomo pawo mlendo sanachokepo kukamwa kuli gwa. Ndinamva luzi likuduka kudenga. Ndikanatha kuthawa nthawi imeneyo, njira ya kudambo inali pululu. Koma ndani angathawe ntchito ya manja ake isanaoneke?

Fungo linafika pabwalo ketulo isanafike. Amayi anathira m'makapu, nkhope ili gwa, ngakhale ankaona okha kuti madziwo atuluka obiriwira. A Gelevaziyo, munthu waulemu, analandira ndi manja awiri, anapemerera, anamwa, n'kukhala kaye osameza. A Nangozo ananunkhiza kapu yawo, analawa pang'ono, nati, "Mayi, tiyi wanuyu ndi wabwino, koma mwaiwala kutendera." Mphakati unathera pomwepo. Nyimbo yotsekera anaiyamba kawiri, osaimaliza.

Alendo atapita, dzuwa likadali pamwamba pa mitengo ya bulugamu, amayi anatikhazika pakhonde. Ndinkayembekeza ukali, koma chimene ndinaona pankhope pawo chinali mantha. Anakhuthulira paketi ija pachikhatho, nafunsa kumene tiyi weniweni anapita. Anati kuchipatala ananena kuti magazi achepa, tiyi achepetse. Anatinso akuluakulu ananena kalekale kuti wapakati akamwa zotentha zimakamuotcha mwana m'mimba, n'kubadwa ndi zipsera. Anatembenukira kwa achemwali nati, "Felesita, undiuze zoona. Wakhala ukumwa?"

Ine mtima unali m'malo. Ndinasendera pang'ono kuti tikhale phewa ndi phewa monga kale, ndodo ikabwera itipeze pamodzi. A Felesita anakweza mutu, maso ali gwa, mawu osalala ngati akuyankha katekisimu.

"Ine, amayi? Tiyi ndinamuiwala ndi kukoma kwake komwe. Mwana uyu kudimba amakoleza moto yekha kuseri kwa msasa. Ine ndimayesa akuotcha kachewere."

Mwana uyu. Sananditchule ndi dzina lomwe. Ndinawayang'ana kuti mwina anditsinzinira diso, chizindikiro choti tikonza pambuyo, koma ankathothola ulusi pa juzi. Amayi anapumira pansi, anachita chizindikiro cha mtanda, n'kundifunsa ngati paketi yonseyo ndinamwa ndekha. Ndikanatha kuwatengera kumsasa n'kuwaonetsa mtengo wa gwafa umene unali utatha masamba mbali imodzi. Sindinatero. Osati chifukwa cha ubwino, ayi. Ndinkangofuna kuti a Felesita amve mmene munthu wosunga lamulo amayankhira. Ndinati inde, ndekha, ndipo anali wokoma. Alamu anangodandaula kuti tsopano poti mudzi wonse wadziwa, anyamata a malaya ofiira oona makhadi pachipata cha msika adzafunanso khadi lachipani la wosabadwayo.

Ndodo ya pichesi inabwera m'mawa mwake, ndipo inandipeza ndekha. Imeneyo sindiiwerengera, chifukwa m'kabudula ndinali nditayalamo masamba a kabichi, ndipo ndinalira mokwanira kuti amayi akhutire. Chilango chenicheni chinali pawiri. Choyamba, poti ndinaonetsa kuti ndimadera nkhawa odwala, ndizikawapalasa achemwali pa njinga ya alamu popita ku sikelo. Chachiwiri, tiyi ndisamulawenso mpaka mwana atabadwa.

Ulendo wa ku sikelo tinayenda osalankhulana, ine ndikusankha dala mabampu ang'onoang'ono, aakulu ndikuwazemba. Kuchipatala amayi apakati anakhala pamabenchi m'chipinda chopanda magalasi, ine ndinatsamira khoma panja ndi njinga, anyamata odutsa akundifunsa kuti yanga ndi ya miyezi ingati. Namwino ankaphunzitsa mokweza, ndipo wina atafunsa za tiyi ndinatchera khutu. Anati tiyi sakamuotcha mwana, pofika m'mimba amakhala atazizira kale. Vuto lake n'lakuti tiyi wakuda kwambiri, ukamumwa pamodzi ndi chakudya kapena kumezera mapiritsi aja, amalepheretsa thupi kutenga zimene zimawonjezera magazi. Anati kapu imodzi ya tiyi wopepuka si mlandu, bola papite nthawi utadya, mapiritsi azimezera madzi, ndipo asamawiritse masamba osadziwika poti akuti ndi tiyi. Kenako anati, "Izi ndimanena ulendo uliwonse. Felesita, si choncho?" Ndinamva mawu a achemwali akuvomera mwaulemu.

Pobwerera ndinaima pamlatho wamitengo n'kutsika. Ndinawauza kuti ankadziwa zonse kuyambira pachiyambi: kuti sakufa, kuti wakuda uja ndiye woletsedwa, kuti kapiritsi sayenera kumezera tiyi. Anandisandutsa wophika wawo ndi misozi yanga yomwe, kenako n'kundigulitsa pakhonde. Anakhala pakaliyala osatsika, akuyang'ana madzi. Ndinkadikira kupepesa. Anangoti, "Palasa, Damiano, mphepo yayamba."

Kuyambira tsiku limenelo mapiritsi ankamezera madzi, ndinkaona. Mwana anabadwa mvula ili pakati, wamkazi, khungu losalala lopanda kachipsera n'kamodzi komwe, ndipo amayi anauza mudzi wonse kuti n'chifukwa choti mwana wawo anamvera mwambo. A Felesita ankavomereza ndi mutu.

Pano ndakula, ndaperekezapo mkazi wanga ku sikelo, ndipo ndimatha kuona zimene mnyamata uja sankaona. Pakhonde paja panakhala mtsikana wa mimba yoyamba, wamantha, amene ankadziwa kuti akangovomera, chilichonse chimene chikanadzavuta pa mwanayo, kaya chilema kaya imfa, amayi a m'mudzi akanadzachikoleka pakhosi pake moyo wake wonse. Ine ndinkaika pachiswe matako okha. Zimenezi ndimazimvetsa bwino, ndipo ndikazifotokoza anthu amati ndakhwima. Koma mnyamata uja akadali m'kati muno, ndipo iye amangodziwa kuti anasendera kuti akhale phewa ndi phewa, n'kupeza palibe munthu. A Felesita ndi agogo tsopano, ndipo nkhaniyi ikatuluka amaseka mpaka kutsokomola, koma mawu oti pepa sanawatchulebe.

Za chilango chachiwiri chija, amayi anachisunga mwamphamvu masabata otsala a tchuthi, mpaka kumandinunkhiza m'kamwa ndikachokera kudimba. Chimene anaiwala n'chakuti mu Okutobala ndinkabwerera kusukulu, kumene m'mawa uliwonse ankatipatsa tiyi wa m'ndowa, aliyense kutunga yekha. Ndinkaima pamzere kawiri.